Nyale za mumsewu wathu wakale ku Zomba: momwe ntchito yayendera

Msewu wathu uli kumtunda kwa tauni ya Zomba, mbali ija ya nyumba zakale za boma. Makoma ndi a njerwa zootcha, makhonde ndi otambalala, ngalande za m'mbali mwa msewu anayala ndi miyala, ndipo mitengo ya mbawa inakula mpaka nthambi kugwirana pamwamba pa msewu. Zomba inali likulu la dziko kuyambira 1891 kufikira 1975, ndipo nyumba zambiri za kuno zinamangidwa m'nthawi imeneyo. Msewuwu ndi wa mamita 400 ndipo tikukhalamo mabanja 21. Ine ndinagwira ntchito ya zamagetsi zaka zambiri ndisanapume, ndiye anzanga atandipatsa udindo woyang'anira nyale ndinagula kope n'kumalembamo chilichonse. Izi ndazitenga m'kopemo.

16 Epulo 2023: msonkhano woyamba

Namondwe Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi, madzi anagumula mbali ina ya ngalande pafupi ndi kamlatho. Patangopita masabata atatu, mayi wina wa mumsewu muno akuchokera kuntchito usiku anagweramo n'kuthyoka dzanja. Ndi zimene zinatisonkhanitsa pakhonde la a tcheyamani.

Mapolo akale alipo asanu ndi awiri, aatali mamita pafupifupi 7, koma nyale zake zinasiya kuyaka kalekale ndipo mawaya mulibe. Nkhani yolumikiza kumagetsi wamba sinapite patali. Aliyense anali akukumbukira mdima umene tinakhala nawo kuchokera pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, komanso panalibe wofuna kusenza bilu ya msewu wonse pamita yake. Tinagwirizana za sola. Banja lililonse lizisonkha K8,000 pamwezi. Onse atapereka zikanakhala K168,000, koma zenizeni zakhala zikuzungulira pa K135,000.

6 Meyi 2023: kuyenda ndi tochi

Tinayenda anthu anayi usiku, kuchokera pamphambano mpaka kumapeto, kulemba malo omwe munthu angavulale kapena kubisaliridwa. Tinapeza asanu ndi anayi: pamphambano, pakamlatho, pamasitepe a miyala otsikira kunjira yachidule, pamakhota awiri, ndi ena anayi pomwe mizu inatukula tara. Cholinga sichinali kuti msewu wonse uwale ngati bwalo la mpira, koma kuti phazi lidziwe popondapo.

Lolemba lotsatira tinakapereka kalata kukhonsolo yopempha kugwiritsa ntchito mapolo akale. Anatilola, n'kutikumbutsa kuti malo a m'mbali mwa msewu si athu, mtengo sitingadule popanda chilolezo, komanso kuti pali lamulo loteteza nyumba ndi zipilala zakale. Tisanakhudze chomangidwa chakale chilichonse tizifunsa kaye.

27 Meyi 2023: nyale zitatu zoyamba

Ndinapita ku Limbe ndi msungichuma wathu. Tinagula nyale zitatu zija zimakhala ndi panelo, batire ndi babu m'chibokosi chimodzi. Pakatoni analemba 300W. Imodzi K78,000, zitatu K234,000, minibasi ndi katundu K12,000. Tinabwereka makwerero aatali n'kuzimangirira pamapolo akale: pamphambano, pakamlatho ndi pakhota loyamba.

Usiku woyamba anthu anatuluka m'nyumba kudzaona, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine mtima wanga sunakhazikike. Kuwala kwake kunali koyera mopita kobiriwira, kwa mtundu uja amalemba 6500K pakatoni. Njerwa zofiira zinaoneka zotuwa ngati phulusa, masamba a mbawa ngati apulasitiki. Ukayang'ana nyale maso amachita chidima, ndipo ukangotuluka m'chigawo chowala umalowa mumdima woposa wa kale.

3 Juni 2023: dandaulo la agogo

Agogo a pakhota, omwe akhala mumsewu muno kuposa tonsefe, anandiitanitsa m'mawa.

“Mwanawe, nyale yakoyi ikufuna chiyani kuchipinda kwanga? Ndikati ndigone, yayaka. Ndikati ndazolowera, yazima. Kodi ndiwe unaituma?”

Anali ndi mfundo. Nyaleyo ili ndi kachipangizo komva kuyenda kwa chinthu, ndiye nthambi ikagwedezeka kapena galu akadutsa imayaka mwamphamvu. Poti tinaiika pamwamba pa mamita 7, kuwala kumadumpha mpanda n'kulowa pawindo. Ndinawapepesa, ndinakwera n'kuiweramitsa, n'kuikanso kachidutswa ka lata kumbuyo kwake. Zinachepako koma sizinathe.

8 Julayi 2023: chiperoni chatiulula

Sabata yonse kwakhala nkhungu ndi mvula yowaza. Nyale ya pakamlatho, pomwe timaifunitsitsa, ikumazima isanakwane 9 koloko usiku. Ya pakhota ikumafika 10 koloko. Ya pamphambano yokha, pomwe palibe mtengo, ndiyo ikumayesetsa mpaka m'bandakucha.

Ndinatsitsa ya pakamlatho n'kuimasula patebulo. M'kati muli timabatire tiwiri ta 3.2V, tonse pamodzi 12Ah. Kapanelo kake, poyeza dzuwa lili paliwombo, sikanapitirire mawati 10. Palibe njira yoti chinthu chotere chikhale cha 300W. Ziwerengero za pakatoni ya nyale zotere musazitenge ngati zoona. Funsani kukula kwa batire ndi kwa panelo, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa, nyamulani nyaleyo m'manja mumve kulemera kwake. Yopepuka ilibe batire lokwanira.

Koma vuto lalikulu silinali nyale yokha. Tinaika panelo pansi pa mtengo. Ndinayenera kuona zimenezi ndisanakwere makwerero, poti ntchitoyi ndimaidziwa. Changu chofuna kuti anthu aone kuti ndalama zawo zagwira ntchito ndicho chinanditsogolera.

22 Julayi mpaka 12 Ogasiti 2023: kuwerenga mthunzi

Loweruka lililonse kwa masabata anayi ndinkaima pamalo asanu ndi anayi aja 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo, kulemba ngati pali dzuwa kapena mthunzi. Nthawi yabwino yochitira izi ndi ino ya chisanu. Kuno tili madigiri 15 kumwera kwa equator, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadzera kumpoto, motsika, ndipo mithunzi imatalika. Kumpoto komweko ndi kumene kuli phiri. Malo amene amaoneka owala mu Novembala akhoza kukhala mumthunzi tsiku lonse mu Julayi.

Zotsatira: pa malo asanu ndi anayi, awiri okha ndi amene amalandira dzuwa nthawi zitatu zonsezo. Anayi salandira n'komwe.

20 Ogasiti 2023: mkangano wa mitengo

Msonkhano uwu unatenga maola atatu ndipo unatsala pang'ono kuthetsa ntchito yonse. Bambo wina, yemwe amasonkha mokhulupirika mwezi uliwonse, anati tipemphe chilolezo tidule mbawa zinayi, kapena tisadze nthambi zonse za kumpoto. Anati munthu anathyoka dzanja, mtengo sungafanane ndi munthu. Ena angapo anagwirizana naye, ndipo sindingawanene, chifukwa amalankhula za ana awo amene amachoka ku koleji usiku.

Ine ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Mitengo imeneyi ndi yaikulu moti anthu awiri sangakumanitse manja pathunthu lake. Ndiyo imagwira dothi la mtsetse uno mvula ikamatsika m'phiri. Ndiyo imachititsa kuti mwezi wa Okutobala munthu ayende mumsewu muno osapsa. Nyale ya K78,000 ikhala zaka zitatu, mwina zinayi. Mbawa yotere kuti ikulenso, adzukulu athu adzakhala atakalamba. Ukachotsa mitengo ndi ngalande za miyala, chotsala ndi msewu wamba wokhala ndi nyumba zothaitha.

Agogo aja ndi amene anatimasula. Anangofunsa kuti, “Nanga chimene chimafuna dzuwa ndi nyaleyo kapena chimbale chakecho? Bwanji chimbalecho osakachiika padzuwa, nyale n'kuisiya pamthunzi?”

Ndi zomwe tinachita. Tinagwirizana zolekanitsa panelo ndi nyale. Panelo ikhale padenga la galaja kapena la khitchini ya panja, pomwe pali dzuwa. Batire ikhale m'bokosi lokhoma m'kati mwa mpanda wa banja lomwelo, kutali ndi manja a mbava. Kuchokera pamenepo waya aziyenda pansi kupita ku nyale ziwiri. Mabanja anayi anadzipereka kusunga. Tinasankha madenga a malata a nyumba zing'onozing'ono za kumbuyo, zomangidwa posachedwa, kuti tisaboole denga la nyumba yakale komanso kuti panelo isaoneke kumsewu.

9 Seputembala 2023: kusankha maonekedwe

Ena ankafuna nyale zokongoletsa zija zamagalasi anayi, zooneka ngati za ku Ulaya zakale. Tinabwereka imodzi n'kuiyesa. Ndi yapulasitiki, ndipo theka la kuwala limathawira kumwamba m'masamba ndi m'mawindo a anthu. Tinaisiya. Kunamizira ukale ndi pulasitiki sikulemekeza nyumba zenizeni zakale.

Ndinapita kwa mmisiri wokhoma zidebe pamsika wa Zomba ndi chojambula papepala: chipewa cha lata chozungulira, chotambalala masentimita 35, chakuya masentimita 12, kuti babu ibisale m'kati osaoneka kwa munthu amene ali patali. Anachikhoma tsiku limodzi. M'kati tinapaka penti yoyera, kunja yobiriwira yoderako, yofanana ndi ya madenga ambiri a kuno.

Polo tinasankha yaifupi, mamita 4 pamwamba pa nthaka, kuti nyale ikhale pansi pa nthambi osati pakati pake. Babu ndi ya 12V, mawati 7, yopotokola wamba, kuti aliyense athe kusintha popanda kuitana mmisiri. Mtundu wa kuwala ndi wofiirira, wolembedwa 3000K. Kuipeza kunavuta. Mashopu ambiri ali ndi zoyera zokhazokha, ndinayenda mashopu asanu ndi limodzi ku Blantyre. Nditaipeza ndinagula khumi kuti zina zikhale zosungira.

30 Seputembala 2023: mtengo wa nyale ziwiri zoyamba

Panelo ya 100W, K85,000. Batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4, 12.8V 30Ah, K140,000. Kontirola (kachipangizo koyang'anira kutchaja kwa batire) ya 10A yoyatsa yokha nyale kukada, K30,000. Mababu awiri K19,000, zogwirira zake K8,000. Mapaipi awiri a galvanised a mamita 6, K124,000. Zipewa ziwiri K24,000. Mawaya K60,000, mapaipi apulasitiki odutsitsamo waya K18,000. Simenti matumba awiri K29,000, mchenga ndi miyala K15,000. Wowotcherera K30,000. Penti K22,000. Bokosi lachitsulo ndi loko K25,000. Zonse pamodzi K629,000, osawerengera mababu osungira omwe ndinalipira ndekha.

M'thumba munali K540,000. Mwana wina wokulira mumsewu muno, yemwe ali ku Johannesburg, anatumiza K100,000 kudzera kwa mayi ake, ndiye zinakwana.

Mababu awiri a mawati 7 kwa maola 12 amadya 168Wh usiku umodzi. Batire imasunga 384Wh. Ndiye ngakhale dzuwa litabisala, tili ndi mausiku awiri m'manja. Waya wochoka kupanelo kupita kubatire ndi wa 4mm ndipo ndi wamfupi, mamita 5. Wopita ku nyale ndi wa 2.5mm, wautali kwambiri ndi mamita 28, ndipo poyeza kumapeto mphamvu yotayika sinafike theka la volt.

7 Okutobala 2023: kukumba

Dzenje lililonse masentimita 40 mbali zonse, kuya 80. Loyamba, la pakamlatho, tinakumana ndi muzu waukulu ngati ntchafu tisanafike theka. Anyamata anali atanyamula kale nkhwangwa. Ndinawaletsa, tinakwirira, n'kusuntha mamita awiri. Muzu wotere ukaudula, mtengo umayamba kuwola pansi, ndipo tsiku lina mphepo idzaugwetsera panyumba.

Dzenje lachiwiri ndi limene linatipweteka. Piki inaboola paipi yakale ya madzi yomwe palibe amene ankadziwa kuti imadutsa pamenepo. Inali yadzimbiri, yosaya masentimita 30 okha. Mabanja atatu anakhala opanda madzi mpaka madzulo a tsiku lotsatira, ndipo kukonza kunatidyera K35,000. M'dera lakale mapaipi sayenda motsata mzere umene mukuganiza. Kuyambira tsiku limenelo masentimita 50 oyamba timakumba ndi khasu ndi fosholo, pang'onopang'ono, ndipo timayamba tafunsa okhalitsa pamalopo.

Kuti waya awoloke ngalande sitinachotse mwala ngakhale umodzi. Tinamudutsitsa pansi pa kamlatho kolowera kugeti, m'paipi yachitsulo yotsala podula polo. Zinawonjezera mamita 6 a waya. Miyala imeneyi anaiyala mogwirana, ukachotsa umodzi ina imatsatira mvula ikabwera.

Mnyamata wina, pofuna kuthandiza, anaboola chipilala chakale cha geti kuti akhomepo chogwirira waya. Njerwa inanyenyeka ngati chigumu, n'kugwa theka. Makoma ambiri akale kuno sanamangidwe ndi simenti ya masiku ano. Pakati pa njerwa pali laimu kapena dothi, ndipo sizigwira bawuti. Tinabwezeretsa chidutswacho ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, osati simenti, chifukwa simenti ndi yolimba kuposa njerwayo ndipo imatsekera chinyontho m'kati. Lamulo lathu kuyambira pamenepo: palibe kuboola khoma lakale.

Konkire tinasakaniza simenti muyezo umodzi, mchenga iwiri, miyala inayi. Kunkatentha kwambiri, ndiye tinaphimba ndi masaka onyowa n'kumathirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri tisanamangirire chipewa.

21 Okutobala 2023: zayaka

Pakamlatho ndi pamasitepe. Kuwala kumagwa pansi mozungulira, mamita pafupifupi 7 mbali iliyonse, ndipo m'mphepete mwake kumazilala pang'onopang'ono kotero kuti maso savutika kuzolowera mdima wa patsogolo. Njerwa zikuoneka zofiira monga zilili. Ena anadandaula kuti n'zochepa mphamvu poyerekeza ndi zoyera zija. Ndinawapempha kuti ayende kuchokera pageti la a tcheyamani mpaka pamasitepe opanda tochi, andiuze ngati pali pomwe sanaone popondapo. Palibe anabwera ndi dandaulo lachiwiri.

Nyale zoyamba zija sitinataye. Ziwiri za pamthunzi tinazisamutsira kumtunda kwenikweni kwa msewu, komwe kuli poyera ndipo kulibe mawindo pafupi.

26 Okutobala 2023: zazima, ndipo wolakwa ndine

Patangotha masiku asanu, zonse ziwiri zii. Kontirola yosayaka n'komwe. Poyeza batire, zero.

Kontirola imabwera itatcheredwa kale kuti igwire ntchito ndi batire ya asidi. Ine sindinaisinthe kupita ku lithium. Masana ena inakweza mphamvu kupitirira muyezo, ndipo kachipangizo koteteza kamene kali m'kati mwa batire kanadula. Batire itadula, kontirola inasowa mphamvu yodzukira, ngakhale dzuwa linali phwee. Ndinachotsa panelo, n'kugunditsa batireyo kwa kanthawi kochepa ndi batire ina ya 12V, kofiira kwa kofiira, kwakuda kwa kwakuda, ndipo inadzuka. Kenaka ndinatchera kontirola pa lithium, malire 14.4V. Sipanawonongeke ndalama, koma ndalemba m'kati mwa chitseko cha bokosi ndi penti kuti wodzasintha kontirola adzayambe ndi zimenezi. Polumikiza, batire iyambe, panelo itsatire, nyale pomaliza.

11 Novembala 2023: kwacha yagwa

Lachinayi lapitali ndalama ya kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndinaimbira shopu yomwe tinagulako batire, akuti ayamba aima kugulitsa mpaka adziwe mitengo yatsopano. Patatha masabata awiri batire ija ya K140,000 inali K215,000, panelo K125,000, paipi K90,000. Nyale ziwiri tsopano zifuna ndalama zoposa K900,000.

Tinakweza chosonkha kufika K12,000, koma mabanja awiri anapempha kupuma, ndipo tinawamvetsa, chifukwa chimanga nachonso chakwera. Tinagwirizananso kuti ndalama ikangokwana kugula chinthu chimodzi tizigula pomwepo n'kusunga, kuyambira ndi zochokera kunja monga batire ndi panelo. Kusunga kwacha m'thumba miyezi isanu n'kuonerera ikusungunuka.

16 Disembala 2023: ngumbi, nyerere ndi getsi la kuseri kwa nyumba

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka. Ana onse anathamangira kunyale zoyera za kumtunda ndi mabeseni, chifukwa ndi kumene zinadzaza. Kunyale zofiirira kunabwera zochepa chabe. Kwa ife okonza ndi nkhani yabwino, poti zipewa sizikudzaza mapiko ndi ukonde wa akangaude. Ana okha ndi amene anaona mosiyana.

Nyerere zinamanga m'kabokosi kolumikizira mawaya patsinde pa polo ya pamasitepe, dothi lake litanyowa linagunditsa mawaya ndipo fyuzi inapsa. Fyuzi ndi K500. Ndinatsuka, n'kutseka mabowo ndi silikoni, kusiya kabowo kamodzi pansi kokutidwa ndi kasefa kuti madzi azituluka.

Vuto lina linandizunguza mutu masiku anayi. Nyale zinkayaka madzulo bwinobwino, kenaka cha m'ma 7 koloko n'kuzima, pakapita nthawi n'kuyakanso. Mawaya onse anali bwino. Tsiku lachinayi ndinakhala pabwalo la banja losunga batire kuyambira dzuwa likulowa. Nthawi ya 7 mayi a pakhomopo anayatsa getsi lamphamvu la kuseri kwa nyumba lomwe anali atangoikitsa, ndipo linkawalira padenga la galaja. Kontirola imadziwa kuti kwada poona kuti panelo yasiya kutulutsa mphamvu. Getsi lija likawalira panelo, iyo imayesa kwacha. Tinangotembenuza getsilo kuti liyang'ane pansi, nkhani inathera pomwepo.

20 Januwale 2024: mphenzi

Mphenzi inagwa chapafupi usiku wa Lachitatu. Sinamenye polo, koma kontirola inapsa pamodzi ndi babu imodzi. Kontirola yatsopano K46,000. Takhomera ndodo yamkuwa ya mamita 1.2 pansi pafupi ndi bokosi n'kulumikizako felemu ya panelo ndi bokosilo, K28,000. Izi sizingaletse mphenzi, zimangochepetsa chiwonongeko. Ndapempha komiti kuti kontirola ina izikhala yosungira, makamaka miyezi ino ya dzinja.

17 Febuluwale 2024: penti ikusupuka

Penti yobiriwira pamapolo ndi pazipewa ikusupuka ngati khungu la njoka. Tinapaka mwachindunji pachitsulo cha galvanised chatsopano, ndipo penti wamba ya mafuta sigwira pamenepo. Tinapala yonse, kutsuka ndi sopo, kukwecha pang'ono ndi sandipepa, kenaka kupaka yoyambira yotchedwa etch primer tisanabwereze yobiriwira kawiri. K31,000 ndi masiku awiri a ntchito, kudikira tsiku lopanda mvula. Mapolo otsatira tizipentera pansi tisanaimike.

23 Malichi 2024: nyale ziwiri zachiwiri, ndi mbava

Pakhota la agogo ndi pamizu yotukula tara. Zonse zinakwana K934,000. Nthawi ino palibe paipi inabooledwa, palibe muzu unadulidwa. Agogo anatuluka ndi ndodo yawo kudzaona, anayang'ana windo lawo, n'kungoti, “Iyi ndiye ili ndi ulemu.”

Patapita masiku asanu ndi anayi, mbava zinafukula waya wa mamita 18. Dothi linali lofewa ndi mvula, ngalande yathu inali yosaya masentimita 25, ndipo mzere wa dothi latsopano unkaoneka kwa aliyense wodutsa. Anangodula patsinde pa polo n'kukoka. Waya watsopano ndi mapaipi K52,000. Takumba masentimita 50, ndipo pa mamita atatu aliwonse tathira chibuma cha konkire chogwira paipi kuti wokoka asapite patali. Pamwamba tabwezeretsa kapinga. Kabokosi ka patsinde takakweza kufika mamita 2.5 ndipo waya akudutsa m'kati mwa polo. Babu iliyonse taiikira kachitsulo kotchinga komasulidwa ndi sipanala.

27 Epulo 2024: batire ikutha msanga

Nyale za pakhota zinayamba kuzima cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, chonsecho panelo ndi yoyera ndipo dzuwa lilipo. Nditatsegula bokosi ndinapeza kawaya kolumikizidwa kubatire kolowera pawindo. Magetsi akazima, anyamata a pakhomopo ankatchajira mafoni ndi kuyatsira wailesi.

Sitinapite nayo kumsonkhano. Ine ndi a tcheyamani tinakakhala pansi ndi bambo a pakhomopo, omwe sankadziwa n'komwe. Kunena chilungamo, banja limene lapereka denga lake, likusunga katundu wa anthu onse ndi kutsegulira geti aliyense wobwera kudzakonza, liyenera kupezapo kanthu. Tagwirizana kuti mabanja osunga azitchaja mafoni pa kontirola masana okha, kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko, pomwe batire imakhala itadzaza kale. Makiyi a bokosi akhala awiri, wina kwa mwini nyumba, wina kwa ine.

13 Julayi 2024: chiperoni chachiwiri

Awa ndiye anali mayeso enieni. Masiku anayi otsatizana a nkhungu. Nyale za pakamlatho zinayaka usiku wonse masiku atatu, tsiku lachinayi zinazima cha m'ma 2 koloko. Za pakhota zinazima tsiku lachitatu. Nditakwera padenga ndinapeza kuti panelo ya pakhota ili ndi zitosi za mbalame ndi mapazi a anyani, komanso ndodo imodzi ya felemu yapindika moti panelo yagona chafufumimba. Anyani amatsika m'phiri kudzafuna zipatso m'mabwalo, ndipo denga limenelo ndi njira yawo. Tawongola, taipendeketsa madigiri 20 kuyang'ana kumpoto kuti madzi azitsuka okha komanso dzuwa la chisanu lizigunda bwino, tawonjezera ndodo yachitatu, ndipo waya wapadenga tamulowetsa m'paipi.

Mwa nyale zoyera zitatu zija, imodzi yafa. Madzi analowa m'kati ndipo batire inatupa. Yakhala miyezi 13.

10 Ogasiti 2024: ndondomeko yosamalira

Chaka chino chandiphunzitsa kuti ndalama zokonzera zisamadikire kuti chinthu chiwonongeke. Kuyambira Okutobala mpaka lero, zokonza zokha zatidyera pafupifupi K200,000, ndipo nthawi iliyonse tinkatapa m'thumba la nyale zatsopano. Tsopano pa K12,000 iliyonse, K3,000 ikupita m'thumba lapadera. M'menemo mudzachokanso ndalama ya mabatire akadzatopa.

Mnyamata mmodzi wa mumsewu muno, yemwe wakhala akundigwirira makwerero kuyambira pachiyambi, tamupatsa ntchito ya K6,000 pamwezi. Azitsuka mapanelo ndi madzi ndi kansalu kofewa m'mawa kusanatenthe, kamodzi pa masabata awiri. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa azitsuka sabata iliyonse, chifukwa ndi nthawi ya fumbi, phulusa la moto wa m'tchire ndi maluwa a jakaranda omwe amamatirira pagalasi. Azitsegula mabokosi kuona nyerere, ndi kulemba m'kope mphamvu ya batire madzulo ndi m'mawa. Ndamuphunzitsa kugwiritsa ntchito mita yoyezera ndi kutchera kontirola. Maondo anga sakulolanso kukwera padenga kawirikawiri, ndipo sindikufuna kuti nzeru za nyalezi zikhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

31 Ogasiti 2024: pomwe tafika

Nyale zofiirira zinayi zikuyaka, zoyera ziwiri zikadali moyo. Za gulu lachitatu tagula kale batire, panelo ndi kontirola. Kwatsala mapaipi, waya ndi simenti, pafupifupi K380,000, ndipo m'thumba muli K210,000. Tikufuna maenje akumbidwe ndi konkire iume mvula isanayambe.

Nthambi imodzi youma ya mbawa yalendewera pamwamba pa polo ya pamasitepe. Kalata yopempha chilolezo chodula nthambi yokhayo tinapereka Lachiwiri, ndipo wodula mitengo wati adzafuna K40,000 ndi zingwe zake. Mababu ofiirira osungira atsala asanu. Ndikapita ku Blantyre mwezi wamawa ndikafunafuna ena khumi.